Mwana wanga akuphunzira udokotala pa foni, kodi adzakhala dokotala weniweni?

Kalata iyi inachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi nyanja yaing'ono ya Chia, m'boma la Nkhotakota, m'chaka cha 2020 pomwe sukulu zinali zotsekedwa chifukwa cha mliri wa kolona, ndipo yankho langali ndi la nthawi imeneyo. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Adokotala, mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri kusukulu ya udokotala. Chitsekereni sukulu mu Malichi chifukwa cha kolona, ali pakhomo pano. Akuti aphunzitsi awo ayamba kuwaphunzitsa pa foni. M'mawa uliwonse amakakhala pachulu cha kuseri kwa nyumba, poti ndi pomwe netiweki imagwira, mpaka dzuwa lifike paliwombo. Ndalama za mpunga womwe ndagulitsa zikuthera mabandulo. Amalume ake akuti imeneyi si sukulu, munthu sangaphunzire kuchiza anthu pa WhatsApp, kuli bwino azithandiza ntchito zapakhomo mpaka sukulu zidzatsegulidwe. Mwanayo wayamba kuonda ndipo sakucheza ndi anthu ngati kale. Kodi ndikutaya ndalama? Kodi ameneyu adzakhala dokotala weniweni?"

Mayi, mtima ukhale pansi. Ndalama zanu sizikulowa m'madzi, ndipo mwana wanu sakusewera pachulupo. Koma sindikunamizani kuti foni ikukwanira zonse. Pali maphunziro omwe foni imanyamula bwinobwino, palinso ena omwe singanyamule ngakhale mutagulitsa mpunga wonse wa m'dambo. Ine ndaphunzitsa ana ngati wanuyo kwa zaka zambiri, ndipo chitsekereni sukulu pa 23 Malichi 2020 ndakhala ndikuyankhula ndi laputopu ndekha m'chipinda ngati wozungulira mutu. Ndiye ndikuuzani zomwe ndikuona.

Anthu ambiri akamva kuti mwana akuphunzira udokotala amaganiza kuti tsiku loyamba lomwelo amamupatsa jakisoni kuti ayambe kubaya odwala. Sizili choncho. Kuno kwathu maphunzirowa ndi a zaka zisanu, ndipo ambiri amayamba ndi chaka china chokonzekera asanalowe zisanuzo. Zaka ziwiri zoyambirira wophunzira sakhala ndi wodwala wakewake. Amaphunzira thupi la munthu: mafupa onse 206, minofu yomata pa mafupawo, mitsempha ya magazi ndi ya ubongo, chilichonse ndi dzina lake ndi njira yake. Phunziro limeneli amati anatomy. Amaphunziranso mmene ziwalozo zimagwirira ntchito, mmene impso zimasefera magazi, chomwe chimachititsa mtima kugunda munthu ali mtulo. Imeneyo ndi physiology. Kenako pali biochemistry, yofotokoza mmene nsima ya kondowole yomwe mwadya masana imasandukira mphamvu m'thupi, ndi maphunziro a tizilombo toyambitsa matenda ndi a mankhwala. Kuwodi amayamba kulowako mwamphamvu chaka chachitatu. Mliriwu ukanamupeza ali chaka chachinayi, yankho langa likanakhala lina, chifukwa mimba ya mayi woyembekezera suigwira pa foni. Koma wamupeza pa gawo lomwe ntchito yaikulu ndi ya mutu ndi mabuku.

Ndipo aka si koyamba kuti zaka zoyambirirazi ziphunziridwe kutali ndi chipatala chathu. Pomwe sukulu ya udokotala ya College of Medicine inkatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ana athu ankakaphunzira gawo loyambirirali kunja, ku Britain ndi ku Australia, n'kubwera kudzamalizira pa odwala athu kuchipatala cha Queen Elizabeth. Ena mwa madokotala akuluakulu omwe tikuwalemekeza lero anadutsa njira imeneyo. Impso ya munthu wa ku London imasefa magazi chimodzimodzi ndi ya msodzi wa ku Chia, choncho nzeruzo zilibe kwawo. Kusiyana kwake n'koti anzathu aja anapeza malabotale ndi magetsi osathima, pomwe mwana wanu wapeza chulu.

Zina, ndinene zoona, zikuyenda bwino pa foni kuposa m'kalasi. M'holo yodzaza mphunzitsi akafotokoza chinthu chovuta, amafotokoza kamodzi n'kupitirira. Amene wasinza wasinza. Phunziro lojambulidwa mwana amatha kuliimitsa, kulibweza kumbuyo, kulimvera katatu mpaka lilowe. Zithunzi za tizidutswa ta minofu zomwe kale tinkalimbirana pa maikulosikopu imodzi anthu asanu, pano aliyense amazikuza ndi zala ziwiri pa foni yake. Ana amanyazi omwe sankaimika mkono m'kalasi ayamba kufunsa mafunso polemba.

Koma aphunzitsife tikuphunziranso. Tsiku langa loyamba pa Zoom ndinafotokoza za kayendedwe ka magazi kwa mphindi pafupifupi makumi awiri, mtima uli mbee kuti lero ana akumvetsera mwachete. Kucheuka pa foni ndinapeza mauthenga ambirimbiri: "Adokotala mwaduka, sitikukumvani." Ndinkaphunzitsa khoma. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukakamira zoti tonse tikumane nthawi imodzi. Ndimajambula mawu m'tizigawo ta mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndimatumiza limodzi ndi manotsi, ndipo kukumana kwa maso ndi maso timakusungira mafunso okha. Chomwe chimandisowetsa mtendere mpaka pano n'choti sindiona nkhope. M'kalasi ndimadziwa kuti ana asokonekera pongoona makwinya pamphumi. Pa laputopu ndimangoona timabokosi takuda tokhala ndi mayina.

Tsopano zomwe foni singathe. Chachikulu ndi mtembo. Pepani kutchula mosabisa, koma wophunzira udokotala aliyense amaphunzira thupi pa thupi lenileni la munthu womwalira, losungidwa ndi mankhwala, ndipo timalilemekeza ngati mphunzitsi. Ndimakumbukabe tsiku langa loyamba m'chipinda chimenecho: fungo la mankhwala lolasa m'maso mpaka misozi, mnzanga wina atagwira khoma miyendo ikunjenjemera, tonse tikuyankhula monong'ona ngati tili pamaliro. Patapita milungu iwiri zala zinayamba kudziwa zinthu zomwe buku silinena. M'buku mtsempha wochokera kumtima amaujambula wofiira, wobwerera kumtima wobiriwira ngati thambo, wa ubongo wachikasu, zonse zooneka bwino. M'thupi lenileni zonse ndi zotuwa, zomatana ndi mafuta. Umazisiyanitsa pozigwira: wamagazi ukaufinya umamva kuti ndi kapaipi kamphako, wa ubongo ndi wolimba ngati chingwe. Ndipo matupi safanana. Kamtsempha komwe buku likuti kadutsa kumanja, mwa munthu wina umakapeza katakhota kwina. Dokotala amene anaona zimenezi ndi maso ake sadabwa tsiku lomwe watsegula mimba ya munthu wamoyo pakati pa usiku kuchipatala cha boma, magazi akutuluka, palibe wina womufunsa. M'chipinda chomwecho ndi momwenso mwana wa zaka makumi awiri amayamba kuzolowera kuima pafupi ndi imfa osathawa. Zimenezi sizitumizidwa pa WhatsApp.

Pamenepa amalume ake akunena zoona, ndipo muwauze kuti ine ndavomera. Koma imeneyi ndi ngongole yomwe idzabwezedwe sukulu zikatsegulidwa, si chinthu chotayika. Sukulu ya udokotala iliyonse yodziwa ntchito yake iyenera kudzawalowetsa anawa m'labotale, ngakhale m'timagulu tochepa atavala masiki, asanawatumize kuwodi. Mwana wanu afunse kudzera mwa mtsogoleri wa kalasi yawo kuti dongosolo la kubweza maphunziro amanjawa lili bwanji. Ali ndi ufulu wofunsa. Ndipo amene wabwera atadziwa kale mayina ndi njira za ziwalo amapindula kwambiri akafika pa mtembo kuposa amene akuyamba kumva mayinawo pomwepo.

Pakadali pano pali zomwe angachite ndi manja ali pakhomo pomwepo. Thupi ali nalo, ndipo abale ake ali nawo matupi. Agwire mkono wa mng'ono wake apeze pomwe mtsempha umagunda, chakumunsi kwa chala chachikulu, awerenge kugundako kwa mphindi imodzi, amuthamangitse kuzungulira nyumba katatu, awerengenso. Apapase pachifuwa chake apeze kamtunda ka pafupa lapakati komwe nthiti yachiwiri imalumikizira, ayambire pamenepo kuwerenga nthiti. Dzanja limodzi lokha lili ndi mafupa 27. Awatchule mayina akuwagwira. Izi ndi zomwe adzachite kwa odwala moyo wake wonse.

Kenako apite kwa ozinga mbuzi. Mtima wa mbuzi uli ndi zipinda zinayi ngati wa munthu, pomwe wa chambo uli ndi ziwiri zokha. Aupeze wathunthu, wosadulidwa, mitsempha yake ikadali pamwamba. Asanaudule athire madzi mu mtsempha waukulu wotuluka mumtimawo, aone mmene tizitseko take titatu timatsekera kuti madzi asabwerere. Kenako audule ndi lezala pang'onopang'ono. Adzaona kuti khoma la chipinda chakumanzere chapansi ndi lochindikala kwambiri kuposa lakumanja, chifukwa lakumanzere limakankha magazi thupi lonse pomwe lakumanja limangowafikitsa kumapapo. Adzaona tizingwe toyera tokhala ngati ulusi togwira zitseko zamkati. Mwana amene wakoka kaulusi kameneko ndi chala chake sadzaiwala chifukwa chomwe mtima wa mwana wodwala nyamakazi ya mtima umachitira phokoso. Impso ya mbuzi akaiwaza pakati imaonetsanso zambiri. Akatha asambe m'manja ndi sopo, ndiwo zipite mumphika.

Koma ndikuuzeni, mayi, chomwe chikugwetsa ana ambiri miyezi ino si foni. Ndi pakhomo. Mwana akakhala kusukulu aliyense amadziwa kuti ali kusukulu. Akakhala pakhomo, maso athu amamuona ngati ali patchuthi. Mtsikana ndiye zimamuvuta kwambiri. Kutunga madzi ndi iyeyo, kukavuula chinangwa ndi iyeyo, kupuntha mpunga, kulera mwana wa achemwali ake, kuphikira alendo. Akamati akhale pansi dzuwa lapendeka, batire yatha, mutu watopa. Mnyamata wa kalasi yomweyo amene akukhala ku Area 47 ku Lilongwe, m'nyumba ya magetsi ndi intaneti, wawerenga maola asanu ndi limodzi. Mayeso adzalemba amodzimodzi. Mliriwu waika poyera kusiyana komwe chakudya chimodzi ndi hostelo imodzi zinkabisa.

Apa ndi pomwe inu muli ndi mphamvu kuposa ine. Khalani pansi ndi a pabanja, amalume akewo alipo, mugwirizane kuti kuyambira m'mawa mpaka masana mwanayu kulibe, ali kusukulu, ngakhale mukumuona pachulu. Asatumidwe, asaitanidwe. Madzulo agwire ntchito ngati mwana wina aliyense wapakhomo. Kusinja ndi kutunga madzi sikunaphepo dokotala, ndipo thupi likufunika kutakataka. Mukanena inu mayi ake, mawuwo amalemera kuposa akanena yekha, poti iyeyo akanena anthu amati sukulu yamukuza mtima.

Za mabandulo, pali njira zochepetsera. Vidiyo ndi imene imameza ndalama: ola limodzi la Zoom kamera ili yoyatsa limatha kudya mamegabayiti mazana angapo, pomwe mawu okha ndi manotsi zimadya pang'ono kwambiri. Azizimitsa kamera yake. Atseke zoti WhatsApp izikopera yokha zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu, chifukwa bandulo yambiri imathera pa nthabwala za anthu ena. Maphunziro ojambulidwa aziwakopera onse nthawi imodzi, usiku pomwe mabandulo amatsika mtengo, kapena tsiku limodzi pasabata apite kumsewu wa M5 kapena kuboma komwe netiweki ndi yamphamvu, awasunge pa memori khadi, azimvera kunyumba popanda intaneti. Ngati pali mnzake wa kalasi imodzi ku Dwangwa, ku Benga kapena ku Salima, azigawana: wina akopere izi, wina izo, n'kupatsana. Ngati mungakwanitse kugula chinthu chimodzi chokha, gulani kasola kakang'ono kotchajira foni. Ndiponso musachite manyazi kupempha ahedi a sukulu yapafupi, kapena akuluakulu a kutchalitchi kaya kumzikiti, kachipinda kokhala ndi tebulo ndi soketi. Makalasi ali chitsekere, ndipo mwera wa mwezi uno si wokhalira pachulu. Zikafika poti ndalama zatheratu, alembere ofesi yoona za ophunzira kusukulu kwawo nthawi yomweyo, asadikire kuti alephere mayeso kaye. Ife aphunzitsi sitingadziwe kuti kabokosi kakuda kaja kasowa chifukwa cha umphawi kapena ulesi ngati mwini wake sanena. Safunsa anadya phula.

Mumuuzenso izi zochokera kwa ine. Kuonera vidiyo si kuphunzira. Munthu amatha kuonera maola anayi, mutu ukugwedezeka kuvomera, mawa lake osakumbuka kanthu. Akatha phunziro atseke foni, atenge pepala, alembe kapena ajambule zonse zomwe akukumbuka, kenako atsegule aone zomwe wasiya. Abwererenso pa zomwezo mawa, kenako patatha masiku atatu, kenako sabata. N'zowawa kuposa kungowerenga, koma ndi zomwe zimakhazikika. Akhale ndi anzake atatu kapena anayi oti azifunsana mafunso pa foni tsiku lililonse nthawi yodziwika. Ndipo azikuphunzitsani inuyo. Mufunseni akufotokozereni m'Chichewa chifukwa chomwe ana osambira m'mbali mwa Chia amakodzera magazi. Ngati wamvetsa, adzakuuzani kuti mazira a likodzo amatuluka ndi mkodzo, amaswa m'madzi, tizilomboto timalowa mu nkhono, timatulukamo tili tosambira, timaboola khungu la munthu, n'kukakhwimira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndi omwe amalasa chikhodzodzocho. Akakakamira pena, ndiye kuti pamenepo sanamvetse, abwerere ku buku. Anzake a m'tauni likodzo amaliwerenga. Iyeyo akuliona pakhomo. Dokotala wodziwa kufotokoza matenda m'chiyankhulo cha agogo ake ndi amene timasowa kuwodi.

Chenjezo limodzi lomwe sindifuna kuti mulitenge mopepuka. Mudzi ukadziwa kuti pakhomo panu pali "adokotala", anthu ayamba kubwera: uyu mwana watentha thupi, uyu mwendo watupa, uyu akufuna auzidwe mapiritsi oti akagule kugolosale. Mwana wa chaka chachiwiri sanafike polemba mankhwala, ndipo malamulo samulola. Kukana achibale n'kovuta kwa mwana, ndiye mumutchinjirize inuyo. Chomwe angachite ndi kuwauza kuti apite kuchipatala msanga, kuwaphunzitsa kusamba m'manja ndi kuvala masiki, basi. Asapitenso yekha kuchipatala kukapempha kuti azithandiza kuwodi popanda kalata ya sukulu yake. Nthawi ya mliri ino akhoza kutenga matenda n'kubwera nawo kwa inu, ndipo chikalakwika palibe amene adzamuimire.

Mawu a m'kalata yanu omwe andikhudza kwambiri ndi omalizawo, oti akuonda ndipo sakucheza. Zikhoza kukhala zazing'ono: akudumpha chakudya cham'mawa pothamangira netiweki, wasowa anzake, akuda nkhawa poona mpunga wanu ukuthera pa iye. Ana amene anazolowera kukhala nambala wani kuyambira pulayimale amavutika mumtima kwambiri akayamba kuona ngati akutsalira, ndipo sanena. Mupezereni nthawi muli awiri, mwina mukusankha mpunga, mumufunse mmene akumvera, osati mmene sukulu ikuyendera. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti ndalama za bandulo simukuziwerengera ngati ngongole.

Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa sakugona, sakufuna kudya, akulira payekha, wasiya kusamba ndi kudzisamalira, kapena wasiya ngakhale maphunziro omwe ankawakondawo, mupite naye kuchipatala cha boma ku Nkhotakota mukafunse oona za matenda a maganizo. Si misala ndipo si ufiti; ndi matenda ochizika. Akangotchula zoti kuli bwino atafa, kapena kuti akukulemetsani, musadikire kuti kuche, musamusiye yekha, ndipo mankhwala a mbewu ndi a makoswe muwachotse m'nyumba. Kuondako kukabwera ndi chifuwa chopitirira milungu iwiri, thukuta la usiku kapena kutentha thupi, akayezetse TB ndi magazi. Akamamwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, akayezetse shuga. Ndipo wina aliyense pakhomopo akatentha thupi, kutsokomola ndi kubanika, imbani nambala ya Chipatala cha pa Foni, yomwe mu 2020 inali 54747, akuuzeni chochita. Kubanikako kukakula musadikire foni, pitani.

Funso lanu lomaliza, loti kodi adzakhala dokotala weniweni. Palibe amene adzamupatse satifiketi chifukwa choti anamvera maphunziro pa foni. Kutsogoloku kuli zaka zitatu za kuwodi, komwe adzayesedwe ataima pambali pa bedi la wodwala, dokotala wamkulu akumuyang'ana manja. Akadzatha pamenepo adzagwira ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa, a bungwe loyang'anira madokotala la Medical Council of Malawi asanamulole kuima payekha. Amene anabera mayeso a pa intaneti, poti alipo amene akuyesedwa kutero buku lili pamwendo, adzagwidwa ndi wodwala woyamba. Zipata zimenezi mliri sunazigwetse. Chomwe chingachitike n'choti chaka chitalike, amalize mochedwerapo ndi miyezi ingapo kuposa mmene munkawerengera, ndiye mukonzekere zimenezo m'thumba ndi mumtima.

Amalume akewo musakangane nawo, apatseni ntchito. Masiku akubwerawa kuli Idi, ndipo ku Nkhotakota mbuzi zizingidwa zambiri. Apempheni akapezere mphwawo mtima umodzi wathunthu ndi impso ziwiri, amuuze wozingayo asadule mitsempha ya pamwamba, ndipo tsiku lodula mtimawo akhale pomwepo, agwirizire mbale.